Kubwerera ku karate ndi judo atakuikani nyung'unyu yopanga: liti, ndipo motani?

lamba_wakuda

Akuluakulu, ndifunseko. Munthu wa zaka 52 wosewera karate ndi judo amuchotsa nyung'unyu yakumanja yomwe inatha ndi nyamakazi, amuikira yopanga. Papita masabata atatu, akuyenda ndi ndodo imodzi. Angabwerere liti kokaphunzira? Mateche okwera aja adzawamenyanso? Nanga kugwetsana?

wa_fiziyo

Musanayambe kuwerenga masabata, akafunse adokotala kuti analowera mbali iti, chifukwa zoletsedwa zimachokera pamenepo. Ngati anang'amba cha kumbuyo, kudzera m'thako, nyung'unyu imaguluka zikakumana zitatu izi: kupinda chiuno kupyola madigiri 90, kupingasa mwendo kudutsa pakati pa thupi, ndi kutembenuzira bondo m'kati. Kungokhala pampando wotsika n'kuwerama kuti amange nsapato, basi zakwana. Ngati analowera kutsogolo, choopsa n'chosiyana: kutaya mwendo kumbuyo phazi likuloza kunja, monga umakhalira mwendo wakumbuyo pa zenkutsu-dachi yaitali, kaimidwe ka karate kotsogoza mwendo umodzi wopinda bondo, winawo utawongoka kumbuyo. Miyezi itatu yoyamba ndiyo yovuta, minofu yozungulira mfundoyo isanapole.

Afunsenso ngati chitsulo cha m'fupa la ntchafu anachimata ndi simenti ya mafupa. Chopanda simenti chimadalira kuti fupa limere n'kuchiluma, zomwe zimatenga masabata 6 mpaka 12. Akamadumpha nthawi imeneyi chimagwedera, fupa silichigwira bwino, kenako ntchafu n'kumawawa osadziwa chifukwa chake.

Pakalipano ntchito yake ndi kuyenda, kufinya matako n'kugwira masekondi 5 maulendo 10 katatu patsiku, ndi kutayira mwendo kumbali ataima atagwira tebulo. Njinga yopalasa pamalo amodzi ibwere adokotala akavomera, chishalo chili chokweza. Ndodo asaitaye chifukwa cha manyazi, aitaye akasiya kutsimphina. Mayeso ake ndi awa: aime ndi mwendo wochitidwa opaleshoniwo masekondi 30 patsogolo pa galasi. Chiuno cha mbali inayo chikatsika, mnofu wa m'mbali mwa thako ukadali wofooka, ndiye za mateche aiwale kaye.

mphunzitsi_wa_kata

Ndiwonjezereko za maseweroawo. Anthu amada nkhawa ndi mwendo womenya, pamene woopsa ndi umene watsala pansi. Pa mawashi-geri, theche lobwera mozungulira cha kumbali, thupi lonse limazungulira pa mwendo umodzi. Phazi likamatirira pansi osatembenuka, kupotokola konse kumathera m'nyung'unyu. Aphunzirenso kuzungulira pa zala, chidendene chitanyamuka, phazi ndi bondo ndi chiuno zikutembenukira limodzi.

Pakapita miyezi itatu, adokotala atamumasula, ayambe ndi manja: nkhonya, zotchinga, kata (mayendedwe oloweza ochita yekha) mwapang'onopang'ono ataima mokweza, osati kiba-dachi, kaimidwe kotangadza miyendo monyonyomala. Kenako mae-geri, theche lolunjika kutsogolo, wofika m'bondo, m'malere mokha, osamenya chikwama chophunzirira nkhonya ndi mateche. Chikwama ndi mateche ofika m'chiuno zidikire cha m'ma miyezi 6. Akweze chimodzi pa nthawi, kaya liwiro, kaya mphamvu, kaya msinkhu wa theche. Akadzuka m'mawa mphechepeche mukuwawa, dzulo anapyoza muyezo, abwerere m'mbuyo.

Theche la kumutu? Ena amalifikanso, koma phindu lake n'lochepa. Mwendo ukafika pamapeto, khosi la chitsulo limagunda m'mphepete mwa kambale kamene mpira wa nyung'unyu yopangayo umazungulirako, ndipo likhoza kuutulutsa ngati mtengo wotukulira mwala.

Judo ndi nkhani ina, achimwene. Uchikomi, kubwereza kalowedwe kogwetsera mnzako, wopanda kunyamula ndi wotheka. Randori, kugwetsana momasuka, ayi, ine sindingalole. Sudziwa kuti mnzako akugwetsera mbali iti, ndipo fupa likathyoka mozungulira chitsulo opaleshoni yake ndi yaikulu kuposa yoyamba. Kulimbana pansi nakonso: wina akakukanikizira bondo pachifuwa n'kulikankhira m'kati, zitatu zija zakumana.

lamba_wakuda

Zikomo. Nanga bwanji Andy Murray anabwerera ku mpikisano wa tenesi atamuchita opaleshoni ya nyung'unyu?

namwino_wa_mafupa

Murray mu 2019 anamuchita resurfacing. Pamenepo mutu wa fupa la ntchafu sadula, amangousema n'kuuveka chipewa chachitsulo, ndiye mpirawo umakhala waukulu ngati wachibadwa ndipo suguluka msanga. Imayenera makamaka amuna a mafupa olimba. Pa opaleshoni yochotsa nyung'unyu yonse mpira umakhala wa mamilimita 28, 32 kapena 36, ndipo wokulirapo ndiwo sutuluka wamba. Akafunse kukula kwa wake. Komanso mu tenesi palibe amene amakunyamula n'kukuponya pansi.

Pa masabata atatu pali zofulumira kuposa mateche. Mankhwala oletsa magazi kuundana amwe mpaka atathe, kawirikawiri amaperekedwa kufika masiku 35. Katumba akatupa, kutentha ndi kuwawa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Akayamba kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, ndi changu chenicheni. Bala likafiira, likamachucha kapena thupi likatentha, asangogula mankhwala n'kumwa, chifukwa tizilombo tikamatirira pachitsulo sitichoka ndi mapiritsi okha.

Nyung'unyu ikaguluka sangakaikire: ululu wadzaoneni, mwendo wafupika ndi kupotoka, sangaupondere. Anzake asaukoke kuti aubwezere. Amusiye momwe wagonera, asamupatse chakudya kapena madzi chifukwa mwina amugonetsa tulo pokaubwezera, aitane ambulansi.