Nkhani ya Darnold yandikanika, thandizeni

Mtolankhani watsopano: Akuluakulu, bwana andibwezera nkhani ya Sam Darnold, quarterback (wosewera amene amatsogolera timu poponyera anzake mpira) wa mu NFL, ligi ya mpira wa ku America. Ndinalemba kuti analephera ku New York Jets kenako anadzadzuka ku Minnesota Vikings mu 2024. Akuti owerenga afunsa kuti munthu yemweyo wasintha bwanji, ndipo ine sindinayankhe. Akuifuna mawa m'mawa. Ndiyambire pati?

Mkonzi wa tsamba la masewero: Achimwene, yambirani pa draft, pomwe matimu amasankha osewera atsopano. Owerenga athu anazolowera kuti timu ya ndalama ndiyo imagula wosewera wabwino. Ku NFL n'zosemphana: timu imene yachita moipa sizoni yathayo ndiyo imayamba kusankha anyamata ochokera ku koleji. Ndiye quarterback waluso amagwera m'nyumba yodontha. Darnold anasankhidwa wachitatu mu 2018, anapeza kochi Todd Bowles, chaka chimodzi chokha Bowles wachotsedwa, kwabwera Adam Gase ndi kaseweredwe kena. Mwana aziphunzira liti?

Wowulutsa mpira pa wailesi: Bwana anena zoona, koma musangoti "timu inali yofooka", muonetseni wowerenga. Tengani quarterback David Carr, Houston Texans, 2002. Timu yongokhazikitsidwa kumene, omutchinga kutsogolo osalimba, anagwetsedwa mpira uli m'manja ka 76 sizoni imodzi. Womenyedwa chotero amasiya kuyang'ana anzake oti awaponyere, maso amakhala pa amene akumuthamangira. Ndiye pafupi pake ikani Patrick Mahomes. Mu 2017 anakhala pa benchi ku Kansas City pafupifupi sizoni yonse, quarterback mnzake Alex Smith akusewera, kochi Andy Reid akumuphunzitsa mosathamanga. Mu 2018 anaponya ma touchdown (zigoli za masewerowa) 50 n'kutenga MVP, mphoto ya wosewera wopambana onse.

Mtolankhani watsopano: Ndiye mutu ukhale woti vuto ndi matimu, osati anyamata?

Mlembi wamkulu: Ayi mwanawe, pamenepo mukuterera. Joe Burrow anagwetsedwa ka 51 mu sizoni ya 2021 koma anafikitsabe Cincinnati ku Super Bowl, fainolo ya NFL. Darnold naye, atapambana magemu 14 mwa 17 ndi Vikings, anagwetsedwa ka 9 ndi Los Angeles Rams mu playoff, magemu a chipulumutso a kumapeto kwa sizoni, ndipo kangapo ankachedwa yekha kutulutsa mpira. Mukabisa zimenezo odziwa masewerowa akusekani.

Komanso mwalumpha 2023. Darnold nthawi zambiri ankakhala pa benchi ku San Francisco pansi pa kochi Kyle Shanahan, popanda womukuwiza. Pofika ku Minnesota anapeza Kevin O'Connell, kochi yemwe naye anaseweraponso pa quarterback, ndi Justin Jefferson woti amuponyere. Mpata weniweniwo unatseguka J.J. McCarthy, quarterback watsopano yemwe ankalimbirana naye malo, atavulala bondo ligi isanayambe. Ziganizo ziwiri zikwana.

Wowulutsa mpira pa wailesi: Mayi, ndiwonjezere kamodzi. Mu 2022 Darnold ndi Baker Mayfield, yemwe anasankhidwa woyamba mu 2018, onse anali ku Carolina Panthers ndipo onse ankaoneka otha ntchito. Mayfield anakawalira ku Tampa Bay. Ine ndikanatsegulira pamenepo, draft ibwere ndime yachiwiri.

Mkonzi wa tsamba la masewero: Ndavomera. Koma Carr ndi Mahomes asadye malo, nkhani ndi ya Darnold. Liwu loti "analephera" lichoke pa mutu.

Mtolankhani watsopano: Zikomo akuluakulu. Nditsegula ndi Carolina, Burrow ndimuika chakumapeto. Bwana, ndikutumizirani isanakwane 9 koloko usiku uno.