Zilonda pamsana pa mahatchi opita kunyanja ndi kunkhalango

Wa ku Chintheche: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ulendo wathu ndi alendo umayambira kugombe, kenako timakwera zitunda kulowa m'nkhalango, n'kubwerera kudzera m'minda ya chinangwa. Chiyambireni mvula, mahatchi awiri atupa pamsana pokhala chishalo, ina yanyuka podutsa lamba wa pamimba, kuseri kwa miyendo yakutsogolo. Ubweya wathothoka, ukaikhudza ikuchita kunthunthumira. Zishalo sitinasinthe. Chikuchitika n'chiyani?

Mkulu wa ku Zomba: Achimwene, ndifunseko kaye. Alendo amasambira ndi mahatchiwo musanakwere zitunda kapena mutatsika?

Wa ku Chintheche: Tisanakwere, bambo. Amafuna zithunzi dzuwa likungotuluka, nyanja ili bata. Timavula zishalo, akatha kusambira timamanganso.

Mkulu wa ku Zomba: Gwero lake ndi limenelo. Hatchi ikavuuka m'madzi imakonda kugubuduzika pamchenga. Mchenga umatsalira muubweya, khungu lafewa kale ndi madzi, pamwamba pake pakubwera bulangeti, chishalo ndi munthu wa makilogalamu 80. Pokwera chishalo chimatsetserekera m'mbuyo, potsika chimakankhira kumapewa, ndiye maola awiri mchenga uja ukungopala khungu ngati sandipepa. Kuno kuphiri kulibe gombe, koma hatchi yonyowa ndi mvula sitiimanga chishalo kupita ku Chingwe's Hole isanaume n'kupesedwa. Tembenuzani ulendo. Yambirani kunkhalango, nyanja ikhale komalizira, ndipo pobwerera kukhola muziikoka wapansi.

Mayi a za ziweto: Akuluwa anena zoona. Atatu ovulalawo asamangidwe chishalo mpaka zilonda zitapoleratu, ngakhale alendo achuluke bwanji. Muzitsuka kawiri patsiku ndi madzi owiritsa athira mchere, supuni yaing'ono imodzi pa theka la lita, n'kupakapo ayodini wosungunula. Oilo wakutha wa galimoto ayi, chonde, ndimawaona anthu akupaka ndipo amangowonjezera chilonda. Muziyang'ananso mphutsi, nyengo ino ntchentche sizichedwa kuikira mazira.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi yanuyo. Tizilombo touluka ting'onoting'ono tofalitsa nthenda ya mahatchi yotchedwa African horse sickness timaluma mbandakucha ndi chamadzulo, ndipo timachuluka dzinja m'malo a chinyezi ngati kwanuko. Nthendayi ilibe mankhwala ochiza, imapha mahatchi ambiri amene yawagwira. Ndiye musachotse kusambira kwa m'mamawa n'kukakuika dzuwa likulowa. Katemera wa nthendayi, wochokera ku Onderstepoort ku South Africa, anabayidwa chaka chino?

Wa ku Chintheche: Anabayidwa onse, mayi. Chovuta n'chakuti alendo ambiri amalipira chifukwa cha zithunzi za dzuwazo. Komanso miyezi ya mwera, kuyambira June, mafunde amakula masana.

Mkulu wa ku Zomba: Za mwera mudzaziona ikadzakwana. Panopa nyamukani 7 koloko, pofika 10 mukhale muli m'madzi. Mlendo mukamufotokozera kuti n'chifukwa cha moyo wa hatchi yomwe wakwerayo, sakana. Hatchi iliyonse ikhalenso ndi mabulangeti awiri akeake, poti kwanuko chochapa sichiuma tsiku limodzi.

Wa ku Chintheche: Zikomo kwambiri nonse. Mawa tiyambira kunkhalango ndi mahatchi otsalawo, ovulalawa apume. Mayi, ndikutumizirani zithunzi za chilonda cha palamba, chifukwa chimenecho chayamba kutulutsa madzi.