Thandizo abale: mavidiyo ali mu kompyuta kuchipinda, TV ili pabalaza, ndilumikize bwanji?

WakuUlongwe

Moni nonse. Ndili ndi kompyuta ya desktop kuchipinda chakumbuyo komwe ndimataipira anthu makalata ndi ma CV, mkati mwake muli mavidiyo ambiri, a ukwati wa mlongo wanga, a kwaya yathu yakutchalitchi ndi makatuni a ana. TV ili pabalaza, ndi ya flat mainchesi 32, ili ndi HDMI ziwiri ndi USB koma si smart. Pano ndimachita kukopera pa fulashi nkukabaya pa TV koma ena amakana kutseguka, ena chithunzi chimabwera mawu zii, ndiye vidiyo ya ukwatiyo ndi ya 6GB fulashi imakana kulandira chonsecho malo alipo ambiri. Amayi akabwera kuchokera ku Domwe chomwe amafuna nkuonera ukwatiwo basi, ndiye timadzadzana kuchipindako pa kasikirini kakang'ono, iwo miyendo imawavuta sangakhale pampando wouma nthawi yaitali, zimandiwawa ndithu. Ndayeza ndi chingwe, kuchoka patebulo kudzera kudenga mpaka pa TV ndi mamita 12, pakati pali makoma awiri a njerwa zootcha. Intaneti yapanyumba ndilibe ndimangogula mamega a Movitel pafoni. Ndipange bwanji?

Tekiniko_Moatize

Achimwene tiyambe ndi fulashiyo, siyoonongeka ayi. Ili pa format yotchedwa FAT32 ndipo FAT32 silandira fayilo imodzi yopitirira 4GB olo fulashiyo ikhale yaikulu bwanji. Muichite format pa NTFS kapena exFAT, koma yambani mwachotsa zonse zili momo chifukwa zifufutika, komanso ma TV ena amawerenga imodzi mwa ziwirizi ndiye muyese zonse. Zokana kutsegukazo kawirikawiri ndi mavidiyo a mtundu watsopano wotchedwa x265, TV zakale siziwadziwa.

Koma pa mamita 12 ine ndingakoke kabo ya HDMI basi nkhani yatha. Gulani ya mamita 15 yonenepa bwino, osati zoonda zija, chifukwa HDMI ikatalika kwambiri chithunzi chimayamba kuphethira kapena kuzima kumene, kupitirira 15 ndiye pamafunika extender yoyendera kabo ya netiweki. Musanagule suzumirani kumbuyo kwa kompyutayo. Ngati kuli HDMI zili bho, chithunzi ndi mawu zimayendera limodzi. Ngati kuli VGA yokha, ya buluu ya mapini 15 ija, dziwani kuti VGA sinyamula mawu, mufunika kakonveta ka VGA kupita ku HDMI kokhala ndi kachingwe ka mawu kobaya pomwe mumabaya mahedifoni. Muonetsetse pogula chifukwa kulinso ka HDMI kupita ku VGA, maonekedwe ofanana koma sikagwira chobwerera, anthu ambiri abwera kwa ine atagula kolakwika. Mukalumikiza dinani batani la Windows pamodzi ndi P musankhe Duplicar, TV ionetsa zomwe zili pa kompyuta, ndipo pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC imatsegula pafupifupi chilichonse.

NaBanda_Chingodzi

Zomwe anena a tekinikowa nzoona koma ine njira imeneyo ndinaisiya. Vuto lake ndi loti rimoti ya TV sigwira ntchito pa vidiyoyo, amayi akafuna kubwezera pomwe akwati akulowa mutchalitchi ndiye wina athamangire kuchipinda, mausi yopanda chingwe pa makoma awiri musaidalire. Chinanso pa Duplicar chilichonse mukuchita pa kompyuta chikuoneka pabalaza, kalata ya kasitomala wanu alendo onse aiwerenga, sibwino.

Kwathu ndinapanga chonchi. Ndinapeza rauta yakale ndi kabokosi ka Android kaja kamasandutsa TV wamba kukhala smart. Kompyuta ndinailumikiza ku rauta ndi kabo ya netiweki, kabokosi kali pa HDMI ya TV. Pa kompyuta mavidiyo onse ndinawaika mu folda imodzi, ndinadina kumanja pa foldayo nkulowa pa Propriedades nkuigawa kuti ionekere pa netiweki. Pakabokosi ndinaika VLC, ukalowa pa Rede local dzina la kompyuta limangotulukira, umalemba dzina ndi pasiwedi ya Windows kamodzi kokha, basi ukusankha vidiyo ndi rimoti uli khale pa sofa. Ine ndikhoza kumagwira ntchito yanga kuchipinda ana akuonera zawo palibe kusokonezana, ndi pafoni pomwe zimatheka ukaika VLC.

WakuUlongwe

Zikomo nonse awiri. Ndayang'ana kumbuyo kuli VGA yokha. Koma achemwali njira ya rautayo sinditha mamega? Vidiyo ya 6GB kuonera kamodzi kokha si ndalama ya ndiwo ya sabata yonse imeneyo?

NaBanda_Chingodzi

Ayi achimwene, apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, amaona ngati Wi-Fi ndi intaneti nchinthu chimodzi. Rauta ili ngati kanjira kapakhomo kochoka kukhitchini kupita kunkhokwe, sukufunika kutulukira kumsewu. Vidiyo ikuchoka mu kompyuta, yadutsa mu rauta, yafika pa TV, yonseyo ili mnyumba mwanu momwemo, ngakhale mega imodzi siipita. Yanga ilibe SIM ilibe chilichonse. Intaneti mufunika tsiku loyamba lokha poika VLC mukabokosi, tsegulani hotspot pafoni kwa mphindi zochepa mwamaliza. Chokhacho musagule Chromecast poganiza kuti nchimodzimodzi, ija imafuna intaneti poikonza ndipo popanda intaneti imavuta.

Za makoma awiriwo, ngati rauta ili ndi 2.4GHz ndi 5GHz sankhani 2.4 ndi yomwe imaboola khoma bwino ngakhale ili yochedwerapo. Vidiyo ikamadukaduka kokani kabo ya netiweki ya Cat5e kapena Cat6 kuchoka ku rauta mpaka kukabokosi, imeneyo imafika mamita 100 osataya mphamvu ndipo amadula pa mita mmaloja a zamagetsi, pogula kabokosi muone kuti kali ndi pobaya kabo imeneyo chifukwa tina tilibe.

Madala_aFurancungo

Ana inu mwalongosola bwino, ine ndingoonjezera zomwe zinandionekera. Kabo iliyonse yodutsa kudenga muilowetse mu paipi ya pulasitiki ija ya mawaya a magetsi. Kuno tikakolola chimanga makoswe amachuluka, yanga anaidya pawiri mwezi usanathe ndipo ndinavutika masiku ndikuyesa TV yafa. Chachiwiri ndi mphenzi. Kumapiri kuno kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula yake mukuidziwa, kukayamba kugunda zulani zonse kukhoma pamodzi ndi kabo yolumikiza zipinda ziwirizo, kuzimitsa ndi rimoti sikuteteza kanthu. Mnzanga wina inamuotchera TV ndi kompyuta tsiku limodzi chifukwa zinali zolumikizana. Komanso kompyuta ikhale yoyaka nthawi yonse yomwe mukuonera, muichotse zogona yokha apo ayi vidiyo iima pakati, mukatha muzimitse chifukwa desktop imadya mayunitsi a magetsi a Credelec kuposa TV.

WakuUlongwe

Ndabweranso abale. Ndinatsata njira ya achemwali a ku Chingodzi, rauta anandipatsa alamu anga inali kungokhala mukabati, kabokosi ndinaitanitsa ku Tete ndi wa chapa (minibasi). Poyamba VLC simaiona kompyuta mpangono pomwe, ndinalimbana nazo usiku wonse kenako ndinapeza kuti Windows inaika netiwekiyo ngati Pública, nditasintha kukhala Privada dzina linatulukira pompo. Pa Wi-Fi makatuni amayenda bwino koma ya ukwati imaima ima ndiye ndakoka Cat6 mu paipi monga ananenera a madala, pano ikuyenda osadukiza. Amayi anabwera Loweruka, aonera kawiri konse ali pa sofa ndipo pomwe malemu bambo akulankhula kwa akwati anandiuza ndibwezere katatu. Anditumanso kuti ndikasake vidiyo ya ubatizo wa mdzukulu wawo woyamba, ili pa DVD yakale, amene akudziwa kakoperedwe kake kulowetsa mu kompyuta andithandize.