Mabotolo a ku Senga Bay, zoti amawaphwanya ndi mankhwala nzoona?

Wa pa Kamuzu Road:
Akuluakulu tandithandizeni. Dzulo ndinali ku Senga Bay, mwera utangoleka mabotolo a madzi ndi a Frozy anali mbwee pamchenga, ena akadali ndi chingwe, aja asodzi amamangirira ku ukonde kuti uziyandama. Nde mphwanga wa ku koleji akuti kunjaku amawathira mankhwala mpaka kutulukanso botolo lanyuwani. Si kusungunula komweko kodi?

Aphunzitsi a Chipoka:
Mphwanuyo sakunama achimwene. Pansi pa botolo pali nambala 1, ameneyo ndi pulasitiki wotchedwa PET, ndipo ali ngati mikanda ya mitundu iwiri yolowezana pachingwe, terephthalic acid ndi ethylene glycol. Mukangosungunula, utoto ndi litsiro zimatsalira momwemo, pulasitikiyo amankera nafooka. Njira inayi amadula chingwecho mfundo ndi mfundo, amaduladula botolo tizidutswa nkuphika mu ethylene glycol pa madigiri ngati 190, nkuthiramo zinc acetate pang'ono chabe, ameneyo ndiye catalyst, ali ngati nkhoswe, amathamangitsa nkhani koma ukwatiwo si wake. Akasefa nkuziziritsa pamatsala timibulu toyera, BHET, tomwe amapangiranso PET watsopano.

Nachisale:
Kkkk ife mabotolo timagula kwa ana, kutsuka ndi sopo, kuthira thobwa basi. Likabooka ndi lomwe limandisowetsa kotaya, neba wanga amayatsira mbaula, utsi wake mutu waching'alang'ala tsiku lonse.

Wa ku Lifuwu:
Mayi muwauze asiye zimenezo. Aphunzitsi mwaiwala za ma enzyme, mankhwala achilengedwe omwe zamoyo zimapanga kuti ziziphwanyira zinthu. Mu 2016 ku Japan anapeza bakiteriya wodya PET pamalo osonkhanitsira mabotolo mumzinda wa Sakai, nchifukwa chake dzina lake ndi Ideonella sakaiensis. Kenako mu 2020 kampani ya Carbios ku France inaonetsa enzyme yophwanya 90 peresenti ya PET m'maola 10, kutentha kwake kosafika ndi pomwe madzi amawira. Koma ine pondivuta mpakutolera, fakitale yotere imafuna mabotolo matani ndi matani osankhidwa kale, zivindikiro pazokha poti ndi pulasitiki wina. Lamulo lija la 2015 linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), mabotolo silinawakhudze.

Wa pa Kamuzu Road:
Ndamva tsopano. Mayi Nachisale, ndinatolako thumba limodzi dzulo lija, osabooka alimo ambiri, limodzi mumagula zingati?