Agwape akusowa kumpoto kwa Wisconsin, ndithandizeni nzeru

Moni nonse abale anga, makamaka inu amene mumasaka kuno ku America.

Ndimasaka agwape m'nkhalango ya boma ya Chequamegon-Nicolet, kumpoto kwa Wisconsin, pa nyengo ya mfuti ija ya masiku 9 yomwe imayamba Loweruka tisanafike pa Thanksgiving, chikondwerero chothokoza cha kumapeto kwa November. Kale sindinkabwerera chimanjamanja, koma zaka zaposachedwapa nyama yasowa. Ndimakwera pansanja ya mumtengo kusanache, zala zitauma ndi chisanu, mfuti ya .30-06 pamiyendo, mpaka dzuwa kulowa osaona ngakhale mchira.

Nsanja ndinaisamutsira pafupi ndi dambo. Ndinaikanso kamera pamtengo, koma imajambula agwape usiku okha, masana zii. Ndayesa kufika mphepo ikuchokera kutsogolo kuti asandinunkhize, osaphula kanthu. Pachipale chofewa ndikuona mapazi a mimbulu ochuluka kuposa a agwape.

Anzanga akuti vuto ndi mimbulu imeneyi. Ine ndikukayika kuti ndi yokhayo. Chisanu choopsa cha 2013 mpaka 2014 chinapha agwape ambiri kumpoto kuno, komanso mitengo yakula kwambiri moti pansi palibe mphukira zoti adye. Kumwera, komwe kuli minda ya chimanga, nyama ilipo yambiri, koma kumeneko ndikuopa matenda a CWD, owononga ubongo wa agwape, omwe anapezeka muno mu Wisconsin mu 2002.

Tsono ndifunse: ndisamukire kumwera n'kumakayezetsa nyama ndisanadye, kapena ndifunefune malo omwe adulamo mitengo posachedwa konkuno? Amene mwasakapo mbali zonse ziwiri, chonde ndiuzeni zomwe mwaona.