Amoniya akungotsika theka m'madzi a m'chimbudzi, pH nayo ikugwa

Mmisiri_wa_mapaipi:
Akuluakulu, thandizeni nzeru. Pali zimbudzi zogejemula zomwe madzi ake sasakanikirana ndi a kubafa kapena a kukhitchini. Amalowa mu sepitiki thanki, kenako pampu imawawaza pamwamba pa sefa ya mchenga yakuya masentimita 60. Polowa mu sefa, nayitrojeni wa mu amoniya amakhala pafupifupi mamiligalamu 300 pa lita (300 mg/L), potuluka 150, ndipo nayitireti ndi wambiri. pH, muyeso wa asidi m'madzi, imachoka pa 8 n'kufika pa 6. Kodi vuto ndi kuchepa kwa mpweya? Tionjezere makina opopera mpweya?

Nachisale_M:
Musawagule kaye makinawo, achimwene. Yezani okosijeni m'madzi otuluka. Akapitirira 2 mg/L, mpweya ulibe mlandu. Chatha ndi alkalinity, mphamvu ija yoteteza madzi kuti asasanduke asidi.

Mabakiteriya osandutsa amoniya kukhala nayitireti amadya magalamu 4.6 a okosijeni ndi magalamu 7.1 a alkalinity pa galamu iliyonse ya nayitrojeni. Nayitrojeni wambiri wa m'chimbudzi amachokera mu mkodzo, ndipo yuriya wa mu mkodzomo akamasweka amangopereka magalamu 3.6 a alkalinity pa galamu. Ndiye pa 300 mg/L mufunika 2,100 koma muli ndi 1,070 basi, kuphatikizapo kochepa kobwera ndi madzi ogejemulira. N'chifukwa chake ntchito ikuima pakati penipeni. pH ikatsika kupitirira 6.5 mabakiteriyawa amafooka kwambiri.

Dziwaninso kuti pakadali pano nayitrojeni simunamuchotse, mwangomusintha maonekedwe. Nayitireti sagwidwa ndi dothi, amatsetsereka mpaka kukafika m'zitsime, pomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati nayitireti m'madzi akumwa asapitirire 50 mg/L.

Bwezani gawo la madzi otuluka mu sefa ku thanki yopanda mpweya, komwe okosijeni ali pansi pa 0.5 mg/L. Kumeneko mabakiteriya ena amapumira nayitireti uku akudya zonyansa, nayitrojeni n'kuuluka ngati mpweya, ndipo theka la alkalinity yomwe inatha imabwerera. Mukamabweza malita 3 pa lita iliyonse yolowa, pamasamu mungachotse 75 peresenti. Pa malita 4 ndi 80. Kupitirira apo mukungotopetsa pampu ndi kulowetsa okosijeni posafunika.

Gogo_Injiniya:
A Nachisale anena zoona, koma obwezedwawo asalowe m'chipinda choyamba cha sepitiki thanki. Madzi akachuluka kanayi zonyansa sizipeza nthawi yodikha, komanso tithovu ta nayitrojeni timayandamitsa matope a pansi, amene amakatseka mchenga. Ikani kathanki kapadera pakati pa sepitiki ndi sefa.

Apa m'pomwe pali mfundo yovuta: chakudya. Kuchotsa galamu imodzi ya nayitrojeni wa mu nayitireti kumafuna magalamu 4 kapena 5 a BOD (muyeso wa zonyansa zomwe mabakiteriya angadye), ndipo sepitiki thanki yadya kale gawo lake. Madzi a m'chimbudzi okhaokha nthawi zambiri sakwanitsa. Lowetsani a kukhitchini mu kathankiko atadutsa mu chotchera mafuta, kapena kumapeto ikani dzenje lotsekedwa pansi lodzaza zibenthu za mitengo, zomira m'madzi nthawi zonse. Utuchi wosalala ayi, umatseka njira. Masabata oyamba madzi amatuluka ofiirira, musadabwe. Mukamva fungo la mazira ovunda ndiye kuti nayitireti watheratu ndipo madzi akukhalitsa m'dzenjemo.

Mmisiri_wa_mapaipi:
Zikomo kwambiri. Nanga tikangothira laimu osabweza madzi?

Nachisale_M:
pH ikwera, nayitireti achuluka kawiri, nayitrojeni akhala yemwe uja. Komanso laimu amakweza pH mwadzidzidzi, ikadutsa 8.5 amoniya wambiri amakhala womasuka, ndipo ameneyu amayamba kufooketsa mabakiteriya a gawo lachiwiri, osandutsa nayitiraiti (yemwe amayamba kupangidwa kuchokera ku amoniya) kukhala nayitireti, nayitiraitiyo n'kuunjikana. Soda wophikira ndi wofatsa: magalamu 1.7 amapereka galamu imodzi ya alkalinity. Muzithira wongokwaniritsa chotsala mutabweza madzi, kuti otuluka azikhala ndi alkalinity ya 50 mpaka 100 mg/L.

Pampu iziwaza pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, mchenga uziuma pakati pake kuti mpweya ulowe. Otsuka zimbudzi achepetse klorini. Mabakiteriyawa amaswana mochedwa, makamaka kukazizira, choncho mukasintha chilichonse dikirani masabata 4 mpaka 6 musanagamule kuti zakanika, uku mukuyeza pH, amoniya, nayitiraiti ndi nayitireti sabata iliyonse.