Thandizeni nzeru: mwana wa mlongo wanga wachokera ku Angonia, kusukulu akuti abwere ndi mapepala

Moni nonse a m'gulu muno. Ma admin chonde dzina langa lisaoneke, nkhaniyi ikukhudza mwana.

Ndimakhala mbali ya Lizulu, ku Ntcheu. Mlongo wanga anakwatiwa tsidya la msewu, ku Angonia m'dziko la Mozambique, ndipo anaberekera komweko mwana wamkazi yemwe pano ali ndi zaka 12. Mlongo wangayo anatisiya chaka chathachi. Alamu anakwatira kwina, ndiye ife akuchikazi tinakamutenga mwanayo. Mwini mbumba ndine, palibenso wina woti ndimuloze.

Kumeneko anali kalasi 5, zonse m'Chipwitikizi. Masamu amawatha bwino, Chichewa amayankhula ngati ife tomwe, koma Chingerezi sadziwa ndi liwu limodzi lomwe. Mapepala omwe ndili nawo ndi kabuku kake kakubadwa ka ku Mozambique, lipoti la kusukulu kwake, ndi chiphaso chaunzika cha mayi ake chomwe anajambulitsa mu 2017.

Ndinapita naye pa pulayimale ina yapafupi. Ahedi sanandilankhule mwachipongwe ayi, koma anati masiku ano nkhani za anthu olowa m'dziko popanda chilolezo zachuluka m'nyuzi, ndiye safuna sukulu yawo idzatchulidwe. Akuti ndibwere ndi kalata ya transifa komanso setifiketi yakubadwa ya kuno. Transifayo ndikhoza kuwoloka n'kukaitenga, koma idzakhala ya Chipwitikizi, adzaiwerenga ndani? Nanga setifiketi ya kuno ndikaipeza bwanji poti mwana sanabadwire kuno? Komanso akamulandira, ayambe sitandade chani? Mnzanga wina akuti ndingoitana atolankhani, ahediwo afewa tsiku lomwelo. Mwana akungokhala pakhomo anzake akupita kusukulu.

Mphunzitsi wa ku Linthipe:
Pepani ndi maliro, malume. Ahediwo akuchita mantha chabe, lamulo loti mwana abwezedwe chifukwa cha setifiketi yakubadwa ine sindinalionepo. Ndime 25 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu aliyense ali ndi ufulu wamaphunziro. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti mwana azipita kusukulu mokakamizidwa. Tikati tiyambe kufunsa setifiketi mwana aliyense, makalasi athu akumudzi atsala ndi mabenchi okha.

Musakangane nawo ahedi. Pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, mukaonane ndi a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, ndiwo amayang'anira mahedi onse a m'zonimo. Mutenge kalata ya amfumu yofotokoza kuti mwanayo ndi wa m'mudzi mwanu ndipo mukumulera ndinu. A PEA akangolemba kapepala kapena kuimba foni, ahedi apeza potsamira, chifukwa chomwe akufuna n'choti mawa akafunsidwa anene kuti wamkulu wawo anavomera. Zikakanika pamenepo ndiye mupite ku ofesi ya maphunziro ku boma.

Za kalasi, ine ndikuti Sitandade 4. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 a MANEB, kupatula pepala la Chichewa, amalemba m'Chingerezi. Mayeso omwewo ndi omwe amasankhira ana opita ku sekondale za boma ngati Dedza Government, kapena za m'boma lanu, kapena zoyendera za m'madera zija timati ma CDSS. Mwana wolowa Sitandade 5 alibe maziko amangokopera zapabolodi osamva kanthu. Kumbukiraninso kuti kwathu kuno chaka cha sukulu chimayamba Seputembala pomwe ku Mozambique chimayamba kumayambiriro kwa chaka, ndiye musadabwe akaoneka ngati wataya miyezi.

Mnyamata wa kabaza, Ntcheu boma:
Akulu mukuzitalikitsa. Pitani sukulu ina mukanene kuti ndi mwana wanu, anabadwira pakhomo. Ndani akafufuze?

Mayi wa ku Bembeke:
Achimwene a kabaza, bodza limenelo lidzamutsata mwana. Dzina ndi chaka chobadwa zomwe mulembetse lero ndi zomwe zidzapite ku MANEB, kenako pa setifiketi ya Fomu 4. Akadzafika zaka 16 n'kukajambulitsa chiphaso, mapepala adzakhala akutsutsana, uku mayi ndi uyu, uku mayi ndi wina. Ndiponso mwana wazaka 12 amadziwa mayi ake, mukufuna azikana mayi ake omwe ali kumanda pamaso pa aphunzitsi?

Wina wodziwako zamalamulo:
Mfundo yomwe ahedi aiphonya ndi iyi: mwanayu si wobwera. Lamulo la unzika limati mwana wobadwira kunja kwa dziko ndi Mmalawi ngati bambo kapena mayi ake ndi Mmalawi wobadwira kuno. Mlongo wanu anabadwira ku Ntcheu, chiphaso chake muli nacho, ndiye umboni waukulu ndi umenewo. Chisungeni ngati ndalama, mupangitse mafotokope, chenichenicho musasiyire munthu aliyense. Kabuku ka ku Mozambique nakonso musakataye poganiza kuti kakumuipitsira. Ndi kokhako kamene kakusonyeza kuti mayi wa mwanayu ndi mlongo wanu. Kuyambira pomwe aphungu anasintha lamulo mu 2018, kukhala nzika ya mayiko awiri si mlandu.

Tengani kabukuko, chiphaso cha malemu, chanu, kalata ya amfumu ndi umboni wa imfa, mupite ku ofesi ya NRB, yopereka ziphaso zaunzika ndi zakubadwa, kwa DC mukafotokoze zoona zokhazokha, kuti anabadwira ku Angonia. Pofunika a Immigration akuuzani komweko. Koma izi muziyendetsa mwana ali kale m'kalasi, zisadikirane.

Bambo wina wa ku Dedza:
Ine ndinene zomwe ena akuopa kunena. Sukulu za m'malire zadzaza. Boma limati mphunzitsi mmodzi ana 60, koma pitani mukaone Sitandade 1 ndi 2, ana oposa 100, ena pansi pa mtengo. Ena mwa anawo amawoloka m'mawa uliwonse kuchokera tsidya lija. Kuchipatala chimodzimodzi. Msonkho timadula ndife. Mwana uyu nkhani yake ndi ina poti mayi ake ndi akuno, koma ahedi musawadzudzule kwambiri, akuona zambiri.

Agogo opuma pantchito, Tsangano:
Bambo a ku Dedza, mbatata ya kachewere ndi chimanga zomwe mumagula pa Lizulu mumazifunsa chiphaso? Chaka cha njala timawoloka ndife ndi njinga kukasuma, palibe amatibweza.

Ine ndinaphunzitsa nthawi ya nkhondo ya Renamo ndi Frelimo. Kuyambira cha m'ma 1986 anthu anakhamukira kuno, dziko lonse linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu anali m'gulu la maboma omwe analandira ambiri. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ambiri anabwerera, ena anatsala chifukwa anali atakwatira kapena kukwatiwa. Ana awo ndi omwe lero ndi aphunzitsi, anamwino, madalaivala. Malire amenewa anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, Angoni a Maseko ali kale ku Domwe, m'dera la Angonia. Mpaka lero anthu a Inkosi ya Makhosi Gomani ali mbali zonse ziwiri, maliro timayenderana, ngoma timavina imodzi. Kuchepa kwa makalasi ndi nkhani yoona, koma mukafunse aphungu ndi makhansala za ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF, osati kamtsikana kamasiye.

Bambo wina wa ku Dedza:
Agogo, zakale tazimva. Ine ndikunena za desiki lomwe mwana wanga alibe lero.

Yemwe analembako nyuzi:
Ndiyankhe za atolankhani, poti enanu mwazidumpha. Malume, musayambire kumeneko. Nkhani za olowa m'dziko zomwe ahedi amawerenga zambiri zimachokera kwa aneneri apolisi: agwira anthu a ku Ethiopia m'galimoto akulowera ku chipata cha Dedza paulendo wa ku South Africa, kapena zija za 2023 pomwe boma linkabweza othawa kwawo ku kampu ya Dzaleka. Zimenezo ndi nkhani zina, zokhudza akuluakulu ozembetsa anthu. Koma nyuzi zathu zikuluzikulu, The Nation ndi The Daily Times, likulu lawo lili ku Blantyre, ndipo wolemba mutu wankhani kumeneko sadziwa kuti pa Lizulu munthu amagula tomato ku Malawi n'kukamwa tiyi ku Mozambique pongodumpha msewu wa M1. Wowerenga akangoona mawu oti obwera, onse amawaika m'thumba limodzi.

Mukaitana mtolankhani, chithunzi cha mwana chiyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook dzuwa lisanalowe, mutu wake uli woti mwana wa ku Mozambique amukaniza sukulu. Pansi pake anthu alemba zomwe mwaziona kale muno. Ahedi adzamulandira inde, koma mokwiya, ndipo mwanayo akhala nawo zaka zinayi kapena zisanu. Anzake azidzamuitana dzina lomwe simungalikonde.

Nyuzi ili ndi ntchito yake. Mukayenda kwa a PEA, ku boma ndi kwa a zachisamaliro cha anthu koma osathandizidwa, lembani kalata kwa mkonzi, mutchule vuto la ana a m'malire onse, dzina la mwana ndi la sukulu musaike. Masamba a Chichewa ngati Tamvani, Tikambe kapena Fuko ndi omwe amafika kwa anthu akumudzi, mafumu ndi makomiti a sukulu. Vutoli si lanu nokha, kuyambira Tsangano, Biriwiri mpaka Dedza mabanja otere alipo ambiri.

Mayi wa m'gulu la amayi pasukulu, Ntcheu:
Aphunzitsi a ku Linthipe, ine pa Sitandade 4 ndikukana. Mukuwerenga Chingerezi chokha, simukuwerenga msinkhu. Mtsikana wazaka 12 mukamuika ndi ana azaka 9, chaka chamawa akula, ayamba manyazi, anzake azimuseka kuti ndi mayi wa kalasi. Adzafika Sitandade 8 ali ndi zaka 16 kapena 17. Atsikana omwe timawalondola m'midzi kuti abwerere kusukulu ambiri ndi otere, okulira kalasi. Alowe Sitandade 5, masana mumupezere mphunzitsi wa pati taimu wa Chingerezi. Mwana woti anaphunzira kale Chipwitikizi mutu wake unazolowera chilankhulo chachilendo, satenga nthawi. Ndipo malume, azakhali akhale naye pafupi, pali zina zomwe mwana wamkazi sangakuuzeni inu.

Mphunzitsi wa ku Linthipe:
Mayi, mfundo ya msinkhu ndaimva. Koma akalephera Sitandade 5 n'kubwereza, zaka zake zikhala zomwezo, kuonjezapo kukhumudwa. Ahedi amuyese kaye, Masamu ndi kuwerenga, aone pomwe ali.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga zonse, ndi za bambo a ku Dedza zomwe. Amfumu alemba kalata ndipo adinda. A PEA ndawapeza, anandilandira bwino, akuti Lolemba ndipite ndi mwana kusukulu konkuja akamuyese monga anenera aphunzitsi. Atolankhani ndawasiya. Za bodza zija ayi achimwene, mlongo wanga sindingamufufute pa pepala la mwana wake.

Mwini wake ndamufunsa, akuti akufuna Sitandade 5 chifukwa msuweni wake ali momwemo. Akazi anga ali mbali ya mayi a ku Ntcheu. Ine mtima uli pawiri, ndalama ya pati taimu mwezi ndi mwezi ndiyofunika kuiganizira, mbatata sinagulidwe bwino chaka chino. Chatsala ndi lipoti lija, a PEA akuti lingathandize litamasuliridwa. Alipo wodziwa Chipwitikizi mbali ya Lizulu kapena Mlangeni?

Mayi wa ku Bembeke:
Funsani ku parishi yapafupi, kapena amalonda a tsidya lija tsiku la msika, ambiri anaphunzira ku Ulongwe wa ku Angonia. Womasulirayo alembe dzina lake ndi kusaina pansi, mukapereke pamodzi ndi fotokope ya lipoti lenilenilo.